Nsalu ya Abiti Hassani

Chibwerereni kuchokera ku Balaka, Lukiya anali ndi chizolowezi chonunkhiza zala zake. Akatunga madzi ankanunkhiza. Akasenda chinangwa ankanunkhiza. Ngakhale ali pamkeka wopempherera, dzanja linkangopezeka lafika lokha pamphuno. Anali atazitsuka zalazo ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu mpaka khungu kuyamba kusupuka, koma fungo la mankhwala osungira mitembo silinkachoka.

Anthu a m'mudzi mwawo, kufupi ndi Ngokwe, ankadziwa kuti mtsikanayo ali patchuthi, poti ndi zomwe anawauza. Ankamunyadira. Anali woyamba m'dera lonselo kutengedwa ku yunivesite ya zaumoyo yomwe bungwe lina linamanga ku Balaka. Sukuluyo sinali ya boma, ndipo ana a anthu osauka ankalowako pa pangano limodzi: aphunzire udokotala mwaulere, koma akamaliza akagwire ntchito m'zipatala za kumidzi ya Machinga ndi Balaka, kumene madokotala ambiri safuna kukhala.

Amene sanapusitsike ndi mayi ake okha, Abiti Hassani. Iwo ndiwo ankasambitsa maliro a akazi m'mudzimo. Anali mayi aatali, osaseka wamba, ndipo akamayang'ana munthu zinkakhala ngati akumuyeza nsalu.

"Tchuthi chanji chosatsegula ndi buku lomwe?" anafunsa tsiku lina akupalira chimanga. "Nanga zalazo unagwira nazo chiyani?"

Lukiya anatsamira khasu. Anaona kuti bodza lafika pothera, ndipo anafotokoza zonse.

Miyezi yoyamba zinthu zinkayenda bwino, mpaka tsiku lomwe anawalowetsa m'chipinda chozizira chokhala ndi matebulo achitsulo. Mphunzitsi wawo, Dokotala Sabina, anawauza kuti anthu ogona pamatebulopo anamwalira popanda wachibale wodzawatenga, ndipo kuti awalemekeze, chifukwa palibe angachize thupi lomwe sakulidziwa mkati mwake. Kenako zofunda zinachotsedwa. Patebulo la gulu la Lukiya panali mayi wachikulire waimvi, m'makutu mwake muli mabowo a ndolo.

"Anawavundukula thupi lonse, amayi, anyamata ali pomwepo. Wina, dzina lake Raymond, mpaka anati, 'Agogo, tadzukani, kwacha.' Aphunzitsi anamukalipira, koma ena anali ataseka kale. Ndiye mpeni anapatsa ine kuti ndiyambe."

"Unayamba?"

"Ndinawagwira pamkono basi. Ndinasiya mpeniwo, ndinakasanza panja, m'mawa mwake ndinakwera minibasi. Inu nomwe munandiphunzitsa kuti mtembo suvulidwa. Zimenezija ndi haramu, chipembedzo chimaletsa."

"Za haramu ukafunse a Shehe," anatero Abiti Hassani. "Ine ndimadziwa za madzi ndi nsalu. Ndiye sukubwererako?"

"Iyayi."

"Chabwino. Mumzere wakowo wasiyamo udzu."

Sanaikambenso nkhaniyo. Amene sankatopa anali Luckness, mnzake wogona naye chipinda chimodzi kusukuluko, yemwe ankaimba foni pafupipafupi. Tsiku lina anaimbanso.

"Iwe Lukiya, a Dokotala Sabina akuti ukapanda kuoneka Lolemba likubwerali, dzina lako alichotsa. Pali anthu ambirimbiri akudikira malo akowo. Ukundimva?"

"Awapatse," anayankha Lukiya, n'kuzimitsa foniyo.

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kukacheza kwa Ayisha, mnzake wapaubwana amene anavinidwa naye limodzi. Ayisha anasiyira sukulu Fomu 2 n'kukwatiwa ndi Zubairu, yemwe tsopano anali ku Joni. Anali ndi pakati poyamba, miyezi itatsala pang'ono kukwana. Lukiya anamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula, masilipasi ali pambali.

"Afika adokotala," anatero Ayisha akuseka. "Bwerani mundiyeze mwaulere musanayambe kunyada. Taonani mapaziwa, angokhala ngati zigumu. Masilipasi akukana kulowa."

Lukiya anagwada n'kudina phazi limodzi ndi chala. Atachotsa chalacho, panatsala kadzenje komwe sikanabwerere msanga.

"Kukuwawa?"

"Mapazi ayi. Mutu ndiye ukuchita ngati wina akusinjamo. Nthawi zina ndikumaona ziphaniphani masanasana."

"Kusikelo unapita liti?"

"Mwezi wathawu. Pano mtsinje wadzaza, ndidutsa bwanji ndi chimimba ichi? Apongozi akuti ndisadandaule, mwana wamwamuna amatupitsa chonchi. Nanga inu adokotala mukuti bwanji?"

Lukiya anayang'ana kadzenje kaja. Anafufuza m'mutu mwake, koma munali mayina a mafupa okhaokha.

"Zimenezi sitinaphunzire," anatero motsitsa mawu. "Amaphunzitsa kutsogolo. Komabe upite kuchipatala."

"Madzi akaphwera ndipita. Iwe fulumira kuphunzirako, wachiwiri udzandichiritse ndiwe. Koma usadzandikalipire ngati manesi."

Anaseka onse awiri, Ayisha atagwira mutu ndi dzanja limodzi.

Lachisanu m'mawa Ayisha anagwa pakhonde akusesa. Thupi lonse linkagwedezeka ngati wakhunyu, thovu lili kukamwa. Ena anati ndi majini, ena anathamangira kukafuna njinga yamoto. Anamuwolotsa mtsinje atamunyamula pamachira, n'kukafika naye kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Kumeneko kunali namwino mmodzi yekha ndi mzere wa odwala wofika panja. Namwinoyo anamubaya jakisoni, kugwedezeka kuja kunaleka, koma ananena mosabisa kuti mwana ayenera kuchotsedwa mwa opaleshoni, ndipo dokotala wochita zimenezo kunalibe. Ambulansi yochokera kuchipatala chachikulu inatitimira m'matope. Anamukweza palole yonyamula chimanga. Ayisha anamwalira asanafike n'ku Nselema komwe, mwana ali m'mimba.

Maliro anafika m'mudzi dzuwa litapendeka, ndipo anagwirizana zoika m'mawa mwake. Kutacha, Abiti Hassani anatenga sopo ndi nsalu yawo yoyera yogwirira ntchitoyi, yomwe inkakhala payokha pansi pa sutikesi. Mayi amene ankawathandiza masiku onse anali chigonere ndi malungo.

"Tenga ndowa unditsate," anauza Lukiya.

"Amayi, ine sindingathe."

"Sindinakufunse."

Pakhomo la nyumba ya maliro, apongozi ake a Ayisha anatchinga njira, maso ali ofiira.

"Abiti Hassani, mwana wosabereka alowe muno? Zinayamba liti?"

"Ameneyu waona mitembo yambiri kuposa inu. Tapatukani, madzi azizira."

M'chipindamo munali kamdima ndi utsi wa lubani. Ayisha anamugoneka pamphasa. Lukiya anayembekezera kuona zomwe anaona ku Balaka. Koma mayi ake anayamba n'kuyala nsalu yoyera ija pamwamba pa thupi lonse, kuchokera m'khosi mpaka kumapazi. Zovala anazichotsera kunsi kwa nsaluyo, manja okha akugwira ntchito, maso ali kumbali. Kenako anapinda kansonga ka nsalu n'kutulutsa dzanja lamanja lokha.

"Thira."

Lukiya anathira madzi ofunda. Mayi ake anatsuka dzanjalo chala chimodzichimodzi, analipukuta, n'kulibwezera pansi pa nsalu asanatulutse lina. Paliponse ankatero. Pomwe akusambitsa pokhapo ndi pomwe pankaoneka, kwina konse kuli kofunda. Ndipo ankamuyankhula.

"Pepa mwanangu, tikutembenuza pang'ono. Eya, choncho. Tatsala pang'ono kumaliza."

Lukiya anali asanawamvepo mayi ake akuyankhula mofatsa chotero, ngakhale kwa iye amene.

Atafika kumapazi, Abiti Hassani anaima kaye. Mapazi aja anali chitupire. Pomwe chala chawo chinagwira panatsala kadzenje. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwana wawo. Anamuluka Ayisha tsitsi, n'kumukulunga mu nsanda, nsalu yatsopano yopita nayo kumanda. Yawo ija anaipinda ili yonyowa n'kuiponya mundowa.

Amuna atanyamula jeneza, chonyamulira maliro, kupita kumanda, akazi anatsala pakhomo akulira. Abiti Hassani anatengera Lukiya kuseri kwa nyumba kukasamba m'manja.

"Wosambitsa maliro saulula zomwe waona," anatero akupaka sopo. "Limenelo ndi lamulo, ndipo sindinaliswepo. Koma iwe unalimo, waona wekha. Mapazi amene aja si oyamba. Palibe chaka chomwe chimatha ndisanasambitse otero. Ambiri ndi atsikana, mimba yoyamba. Ndikawaona akupita kumjigo, nkhope itatupa, masilipasi ali m'manja, mtima umandiuza kuti nditenthetsa madzi posachedwa."

"Ndiye Ayisha munamuona?"

"Ndinamuona. Ndinapita kukawauza kuti amutengere kuchipatala. Apongozi akewo anandithamangitsa, ati ndabwera kudzayeza nsanda. Ndani amafuna mawu a wosambitsa maliro pakhomo pomwe pali woyembekezera? Komanso akanandifunsa kuti ndi nthenda yanji, ndikanati chiyani? Dzina lake sindilidziwa. Mankhwala ake sindiwadziwa. Ine amandiitana zonse zitatha."

Madzi ankadontha m'zala za Lukiya.

"Iwe anakufunsa ali moyo," anapitiriza mayi akewo. "Unamuyankha chiyani?"

"Ndinati sitinaphunzire."

"Sunaname. Ndipo ukakhala kuno, wina akadzakufunsa chaka chamawa udzayankha zomwezo." Anatsanulira madzi otsala pansi. "Tsono za mayi wako wa ku Balaka uja. Wati anamuvundukula, anyamata n'kumaseka. Iwe zinakuwawa, n'kuthawa. Panopa watsala ndi ndani?"

Anadziyankha okha.

"Watsala ndi oseka aja. Mwa onse amene anali m'chipindamo, wodziwa kuti munthu amafunditsidwa unali iwe. Ndiye wamuthandiza chiyani pobwera kudzapalira chimanga changa?"

Anatola ndowa yawo n'kumapita, kumusiya ataima pomwepo.

Tsiku lonselo Lukiya sanadye. Anakhala pakhonde akuyang'ana njira yopita kumjigo. Chakumadzulo kunadutsa Nelia, mtsikana wa kutsidya amene anakwatiwa chaka chathachi, mimba ili patsogolo, chidebe chili pamutu. Lukiya anadzidzimuka atazindikira kuti sakumuyang'ana nkhope. Ankamuyang'ana mapazi.

Lamulungu m'mawa anayatsa foni n'kuimbira Luckness.

"Uli moyo kodi?" anatero Luckness. "Ndimayesa wakwatiwa."

"Tandiuza. Munthu woyembekezera akatupa mapazi, mutu n'kumawawa, kenako n'kugwa ngati wakhunyu, chimakhala chiyani?"

"Ifenso sitinafikepo pamenepo. Dikira ndifunse achaka chachinayi." Panamveka phokoso la mapazi ndi zitseko, kenako anabwereranso. "Akuti nthawi zambiri kumakhala kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera. Akuti akakupeza msanga, ambiri amapulumuka, mayi ndi mwana yemwe. Bwanji, wadwala ndani?"

Lukiya anatseka maso. Mawu akuti msanga anamulasa ngati minga.

"Palibe amene akudwala tsopano," anatero. "Mayi aja akadali patebulo lathu?"

"Alipo. Tangoyamba mkono. Raymond anakomoka tsiku lachiwiri, pano saseka."

"Ukawauze a Dokotala Sabina kuti mawa ndilowa m'kalasi."

Anatulutsa chikwama chake pansi pa bedi n'kuchikuntha fumbi. Anaikamo mabuku omwe sanawatsegule chibwerereni, zovala, mipango yakumutu, ndi gauni loyera la kusukulu lomwe analikulunga m'pepala lapulasitiki kuti asamalione. Akulimbana ndi zipi, mayi ake analowa n'kuponya kanthu pabedi. Inali nsalu ija, yochapidwa, youma, yopindidwa bwino.

"Uzivundukula pomwe ukugwira ntchito pokhapo," anatero. "Ukamaliza, funditsa. Ndipo uzimuuza zomwe ukumuchita. Kaya amva kaya samva, si nkhani yako."

"Nanga aphunzitsi akakana?"

"Ukawapemphe mwaulemu. Munthu amene anakalipira woseka uja sangakane nsalu. Akakana, unditumizire nsalu yanga pa minibasi. Iweyo utsale komweko."

Lukiya anaigwira nsaluyo. Inali yopyapyala chifukwa chochapidwachapidwa, ndipo m'mphepete munali zigamba zosokedwa ndi ulusi wakuda.

"Inu muzigwiritsa ntchito chiyani?"

"Ndigula ina. Ntchito yanga siisowa nsalu." Anayang'ana panja, kumene Nelia ankadutsanso ndi chidebe chake. "Uyo ndimuperekeza ndekha kusikelo mawa, andithamangitse asandithamangitse. Koma ine ndikukalamba, ndipo ndatopa kusambitsa ana amene ndinawaona akubadwa. Usakachedweko."

Anatuluka osadikira yankho.

Lukiya anaika nsaluyo pamwamba pa gauni loyera. Dzanja lake linanyamuka lokha kupita pamphuno monga mwa masiku onse. Fungo lija linalipobe, losakanikirana ndi la lubani wa dzulo. Analitsitsa dzanjalo, anakoka zipi mpaka kumapeto, n'kuika chikwamacho pakhomo, pomwe wanjinga yamoto wopita ku Nselema angachione akamadutsa.