Kulira kwa M'nyumba ya Mizukwa

Maness Alufandika anakhala pakhonde akusenda nandolo pang'onopang'ono, khoko limodzilimodzi, ngati kuti tsiku lonse linali lake. Ankadziwa kuti akangomaliza, mayi ake amuuza kuti asambe azipita.

"Iwe, nandoloyo ukuchita kumuwerenga?" anatero mayi ake ataima pakhomo. "Siya, ndimaliza ndekha. Tiyamike akukudikira kumsewu."

"Ndikhoza kungokhala, amayi."

"Wakhala miyezi itatu. Bambo ako sankakonda nkhope zakugwa. Pita ukaseke ndi anzako. Ukaonenso malo amene Aubrey wandipezera, ndisakasochere mawa ndi dengu la mandasi pamutu."

Aubrey anali msuweni wa Maness, mwana wa amalume ake. Anali atapeza ganyu ku paki ya masewera imene anthu ena anabwera nayo pa malole n'kuimanga pabwalo lina ku Chileka. Ndi iyeyo amene anapempha abwana ake kuti azakhali akewo azigulitsa mandasi pageti kuyambira Loweruka. Chimwalirireni bambo a Maness, aka kanali koyamba kuti mayi ake alankhule za mawa nkhope ili yowala. Maness anatula mbale pansi n'kukasamba.

Anakwera minibasi pa Lirangwe, n'kusinthira ina pa Kameza. Njira yonse Tiyamike, mnzake wa Fomu 3, ankangolongolola. Maness ankayang'ana pawindo minda youma ndi mapesi oti mbuu.

Pakiyo inali ndi fumbi komanso phokoso. Ana ankakuwa pa makatungwe achitsulo, nyimbo zikupikisana m'masipika. Kumapeto kwa bwalo kunali tenti yaitali yakuda, atajambulapo chigaza cha mano akuluakulu, pansi pake atalemba kuti NYUMBA YA MIZUKWA. Aubrey anaima pakhomo pake atavala tisheti yofiira.

"Eee, mkazi wanga wafika!" anakuwa, monga amachitira asuweni. "Watuluka m'nyumba lero? Mvula igwa mu Ogasiti!"

Maness anangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

"Lowani ulere, ndinu alendo anga. Koma Tiyamike, ukanyowetsa mpando, ukolopa wekha."

"Aaa, inu a Aubrey, ine ndingaope zidole?"

Anakhala m'kangolo ka anthu awiri koyenda pa tinjanji. Aubrey anakankha, nsalu ya pakhomo inatseka, ndipo kunada bii ngakhale kunja dzuwa linali pamutu. Mafupa a pulasitiki anagwa kuchokera kudenga n'kumalendewera pamaso pawo. Tiyamike anakuwa, kenako n'kuphulika ndi phwete. Timaulusi tonyowa tinawakhudza kumaso. Maness anadabwa kudzimva akuseka nayenso, kuseka kwenikweni kumene anali atakuiwala.

Kangoloko kanakhota. Getsi lofiira linayaka pa bokosi lamaliro lotsegula, m'kati muli chidole chokulungidwa m'nsalu yoyera. Pamenepo sipika inayamba kulira. Kunali kulira kwa amayi ambiri, koma mawu amodzi anakwera pamwamba pa onse.

"Mayo ine! Abambo a Maness, mwandisiya ndi yani? Chimanga chanu chauma kumunda, akolole ndani? Dzukani, abambo a Maness!"

Mawuwo Maness ankawadziwa kuposa mawu ake omwe. Anali a mayi ake, m'mawa uja bokosi likutuluka m'nyumba, iwo atakakamira chitseko, amayi a kumpingo akuwagwira m'chiuno. Maness anawamva kamodzi kokha tsiku limenelo, ndipo ankaganiza kuti anakwiriridwa limodzi ndi bambo ake.

M'kangolo ka m'mbuyo munali anyamata awiri. Mmodzi anachepetsa mawu n'kuyeserera: "Dzukani, abambo a Maneeesi!" Mnzake anaseka mpaka kutsokomola.

Atatulukira padzuwa, Tiyamike sankasekanso. Aubrey anawathamangira akusisita manja.

"Mwaona? Nzeru zanga zimenezo! Abwana anabwera ndi mawu a mizukwa yachizungu, yongoseka hohoho. Anthu ankatuluka akuyasamula. Ine ndinati, bwana, munthu wa kuno saopa zimenezo, amaopa maliro. Ndiye ndinali ndi vidiyo ija ndinajambula kuti nditumizire achimwene a ku Joni amene analephera kubwera. Ndangotengapo mawu okha."

"Koma dzina la Maness lili momwemo," anatero Tiyamike.

"A Maness alipo angati m'dziko muno? Palibe angadziwe. Taona mzerewu! Mawa tiyatsanso sipika ina pageti kuti anthu azimvera kumsewu."

Maness anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Umu ndi mmene zinkamuchitikira nthawi zonse, m'kalasi ngakhale kunyumba: mawu ankabwera anthu atapita kale. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda osadziwa kumene akupita. Tiyamike anamuitana, iye osacheuka.

Anapezeka ali pageti. Pansi pa mtengo wa kesha panali katebulo kathabwa, atamatapo pepala lolembedwa ndi dzanja la Aubrey: Mayi Alufandika, Mandasi. Pamwamba pake penipeni, bambo wina anali pa makwerero akumangirira sipika ku mtengowo ndi waya.

Maness anaima n'kumayang'ana. Anawaona mayi ake m'maganizo, atavala chitenje chawo chabuluu, akuyala mandasi, akupatsa moni anthu. Kenako sipika ija ikuyamba. Anaganiza zokawauza kuti asabwere, kuti malowo atengedwa ndi wina. Koma mayi ake anali atagula kale ufa ndi mafuta, ndipo akanafunsa chifukwa. Ngakhale akanapanda kubwera, mawu awo akanakhala ali kuno, akulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anabwerera ku tenti. Mzere unali utatalika. Aubrey anali atagwira kangolo momwe munali atsikana awiri, akufuna kukankha. Maness anadutsa chingwe n'kuima pakati pa tinjanji, kutsogolo kwa kangoloko.

"Choka pamenepo, msuweni, anthu akudikira."

Maness sanasunthe.

"Achemwali, tapatukani!" anakuwa wina pamzere.

"A Aubrey," anatero Maness. Mawu ake anatuluka aang'ono, ndiye anayambiranso. "A Aubrey, tsiku lija munanyamula nawo bokosi. Munaliranso inu, ndinakuonani kuseri kwa nkhokwe. Bwanji simunaike kulira kwanuko?"

Aubrey anaseka mokakamiza.

"Iwe, ndi zachisuweni chabe izi. Usazitengere kumtima."

"Msuweni wanu ndine. Nditonzeni ine mmene mungafunire. Koma amene akulira m'katimo ndi mlongo wa bambo anu. Analira kamodzi, pakhomo pawo, chifukwa ankadziwa kuti ali pakati pa abale. Lero mwawaliritsa kangati?"

M'kati mwa tenti kangolo kena kanafika pa bokosi paja, ndipo kulirako kunayambanso, kukumveka bwinobwino kudzera m'nsalu. Tsopano palibe amene anaseka. Mtsikana mmodzi wa m'kangolo anafunsa motsitsa mawu, "Ndi mayi anu enieni?" Maness anagwedeza mutu movomera. Atsikana aja anayang'anana, n'kutsika. Mayi wina wa pamzere anagwira pakamwa, nakoka ana ake awiri n'kuchoka.

"Maness, abwana andichotsa ntchito," anatero Aubrey monong'ona. Nkhope yake inali itasintha.

"Mwina akuchotsani. Koma mawa amayi akhala pansi pa sipika ija. Mudzaima pati inu ikamadzayamba?"

Aubrey anayang'ana kugeti, kumene bambo uja anali akutsika pa makwerero. Anapukuta manja pa tisheti yake. Kenako anakweza nsalu n'kulowa mumdima muja. Kulira kuja kunadukira pakati pa dzina.

Anatuluka atanyamula foni, chingwe chake chikulendewera. Sanathe kumuyang'ana Maness m'maso.

"Ndazimitsa. Pepa, msuweni. Sindinaganize bwino."

Maness anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, koma sanachoke pa tinjanji paja.

"Kuzimitsa kokha ayi," anatero. "Fufutani m'fonimo, ine ndikuona. Ndipo mukatero, mukawauze abwana anu nokha chifukwa chake. Ine ndiima pompano mpaka mubwere."