Mbasela ya Ba Fanwell

Dzuwa litapendeka, Luyando anakhala pa ndowa yozondotsa n'kumamanga repu m'timitolo topita nato kumsika mawa lake. Chinali chaka cha 1992, pamene mvula inakana ndipo Livingstone yense ankadya ufa wachikasu. Madimba a anthu anali fumbi lokhalokha. Koma dimba la Ba Fanwell, kuseri kwa msewu wa ku eyapoti, linali lobiriwira, chonsecho chitsime chake chinaphwa mu Meyi.

Luyando anatumizidwa kumeneko ndi koleji ya zaulimi kuti aphunzire ntchito miyezi itatu. Malipiro panalibe. Chimene ankadikira ndi kalata yosainidwa ndi Ba Fanwell. Popanda kalatayo, zaka ziwiri zimene mayi ake anapsa manja pokazinga zitumbuwa kuti iye aphunzire zikanapita pachabe.

Madzulo amenewo Ba Fanwell anam'patsa kadengu ka masamba kovundikira ndi nsanza.

"Iyi ni mbasela," anatero. "Munthu mmodzi chabe pa tsiku. Usankhe wonenepa, ndipo alandire na manja awiri."

"Nanga woonda, ba bosi?"

"Woonda alibe ntchito."

Kadenguko kankanunkha thukuta la munthu, ndipo masamba ake anali ofunda ngati m'khwapa.

Ogula ndi anthu odabwitsa. Munthu amafinya tomato wako, kumununkhiza, kumunyoza, kukangana nawe mpaka kukhosi kuuma. Koma ukangomuonjezera kanthu kaulere, kamene amati mbasela, mafunso onse amatha, amangotambasula manja.

Woyamba kulandira anali Ba Nyambe, woyendetsa takisi, bambo wa mimba yogunda chiwongolero. Patangopita masiku awiri anayamba kumva ludzu. Ankamwa ndowa yathunthu, koma thukuta osatuluka, milomo n'kumang'ambika. Atamwalira, onyamula bokosi anayang'anana, chifukwa linapepuka ngati katoni yopanda kanthu. Mlungu womwewo tomato wa Ba Fanwell anafufuma mpaka kuthyola mitengo yake.

Anatsatira Ba Mazuba, ophika m'nyumba ina ku Highlands, kenako mayi wina wa kwaya.

"Ni matenda aja," anthu ankanong'onezana mumsika.

"Matenda aja sapha pa wiki imodzi."

"Khalani chete, imwe."

Tsiku lina Luyando akudula kabichi, mutu wina unatsokomola m'manja mwake. Chinali chifuwa cha fodya, chomwe chija Ba Nyambe ankatsokomola akamanenerera mtengo. Mpeni unagwa.

"Ba bosi, anthu ba mbasela bakufa."

Ba Fanwell anapitiriza kutsuka nsapato zawo. "Kwasala masiku angati?"

"Khumi."

"Kalata uifuna?"

M'mawa mwake Luyando ananyamula kadengu. Anangosintha chinthu chimodzi: anayamba kupatsa apaulendo otsika basi, anthu oti maliro awo sadzawamva. Ankagona bwinoko ndithu.

Tsiku lomaliza, mayi ake anabwera kuchokera kukomboni ya Linda, atavala chitenje cha kutchalitchi, kudzaona mwana wawo wophunzira akugulitsa. Anali mayi wathupi, woseka ndi mapewa. Ananenerera repu mwanthabwala, kenako anavundukula kadengu.

"Anthu osabadziwa uwapatsa mbasela. Ine ninakubala, nilibe?"

"Amama, siyani iyo!" Luyando anakatsomphola.

Amayi a mabenchi oyandikana anaimirira. "Iwe! Kumana amako masamba? Ndiye sukulu yamene iyi?"

Mmodzi wa iwo analanda kadenguko, n'kutapa masamba, n'kuwapereka mwaulemu. Mayi a Luyando anawerama pang'ono monga analeredwera, nalandira ndi manja awiri.

Luyando anawalanda masambawo n'kuwaponya m'ngalande, msika wonse ukumutukwana. Mayi ake sanalawe ngakhale tsamba limodzi. Koma asanafike n'komwe kunyumba anaima pampopi wa m'mbali mwa msewu.

"Mwana wanga, nimvera ludzu."

Anatha masiku asanu ndi limodzi asanamwalire. Luyando ankawathira madzi m'kamwa ndi kapu, kenako ndi ketulo, madziwo n'kumalowa ngati akuthira pamchenga. Khungu linkachita phokoso la makoko ouma a chimanga akamawatembenuza.

Pamaliro, anthu a ku Linda anayamba kukumbukira. Nyambe anam'patsa mbasela ndani? Nanga Mazuba? Nanga amene anakuwa pamsika kuti amake asakhudze, anadziwa bwanji? Mwala woyamba unam'peza Luyando pakhutu. Anathawa kulowera kunjanji wopanda nsapato, ndipo amene anamuona komaliza akuti ankayenda chakumpoto akutsatira njanjiyo.

Masana Ba Fanwell anafika pamaliropo pa galimoto yawo ya vaneti, chipewa chili m'manja. Kalata ija anaisiya kwa malume a Luyando. Inati mtsikanayo ndi womvera ndiponso wodziwa kusankha makasitomala. Kenako anatsitsa madengu asanu ndi atatu a kabichi ndi repu, ndiwo za anamalira.

"Ni zaulere," anatero motsitsa mawu. "Pa mavuto tithandizana."

Amayi a ku Linda anati munthu wamtima ngati ameneyu sanamuonepo. Anafola pamzere, ena mpaka kukankhana, ndipo aliyense anagwada, nalandira ndi manja awiri.