Bogi Yakutsogolo

Siteshoni ya Glenmarra inamangidwa kalekale chifukwa cha anthu oumba njerwa. Ng'anjo zawo zinazima, koma siteshoni inatsala, pakati pa manda ndi msika wa zipatso. Marnie ankagulitsa khofi m'kanyumba ka podikirira sitima, ndipo pamenepo ndi pamene Kosta anamupeza.

"Ndithire shuga?" anafunsa Marnie.

"Mwandimwetulira kale, shuga ngwachiyaninso?"

Thuy, mnzake wa pa ntchito, anatsonya. "Achimwene, mawu amenewo agogo anu anawanena kale. Lipirani, anthu akudikira."

Koma mtima wa Marnie unali utapita. Pasanathe mwezi, foni yake inkalira sitima ikangonyamuka: "Duwa langa, njanji ikhoza kutha, koma ine ndi iwe ayi."

Kosta ankakwera bogi yakumbuyo. Aliyense wa ku Glenmarra amadziwa chifukwa chake: ukatsika m'tauni, masitepe otulukira ali kumbuyo. Bogi yakutsogolo ndi ya anthu otsika pafupi pompa, pa Ashby Park, pamene chipata chili kumutu kwa sitima.

Chisanu chitayamba, Kosta anasintha. Ankagula makapu awiri, n'kuthamangira kutsogolo.

"Winayo ngwa ndani?"

"Abwana anga, wokondedwa. Kodi wayamba nsanje?"

"Nanga kutsogoloko?"

"Kumbuyo kumadzaza. Undikhulupirire, chaka chino ndikuveka mphete."

Marnie anamwetulira, koma sanamukhulupirire. Bwana wanji womwa khofi wozizira atayenda ulendo wonse wa m'tauni? Nanga mafuta onunkhira atsopanowa akudzolera yani?

"Mwamuna sasintha bogi popanda chifukwa," anatero Thuy akupukuta makapu. "Vula epuloniyo, pita. Ine ndigwira pano."

M'mawa mwake Marnie anamupatsa Kosta makapu ake awiri, n'kulowa bogi yachiwiri mozemba. Mumtima ankapempha kuti sitima idutse Ashby Park Kosta ali chikhalire.

Sitima inaima. Kosta anatsika.

Pa chipata panali mtsikana wamtali wa jekete yofiira. Analandira kapu, namupsompsona Kosta ngati munthu wozolowera.

Marnie anatsika nayenso, n'kulunjika pa chipatapo.

"Kosta, abwana ako ndi amenewa?"

Kosta anatembenuka. Kenaka anaseka kaseko kouma. "Bronte, awa ndi achemwali ogulitsa khofi aja, a pa Glenmarra."

Achemwali! Dzulo lomweli anali duwa.

Nkhope ya Bronte inawala. Anamugwira Marnie dzanja, ndipo pa chala chake panali mphete yatsopano.

"Ndinu amene? Ine tsiku silindiyambira popanda khofi wanu. Ndakhala ndikumuuza uyu kuti andionetse, iye kumangozengereza. Ukwati wathu uli mu Novembala, ku tchalitchi cha Agiriki. Mungabwere ndi makina anu kudzapangira alendo athu khofi?"

Marnie anamuyang'ana Kosta. Kosta ankayang'ana nsapato zake.

"Mufunseni mwamuna wanuyo," anatero Marnie, mawu akuthothoka pang'onopang'ono. "Iye akudziwa ngati tsiku limenelo ndidzakhale ndi mpata. Anandilonjeza kuti chaka chino nanenso ndikukwatiwa."

Bronte anatsitsa kapu pakamwa.

Marnie sanadikire. Anawoloka mlatho kupita tsidya lina la njanji, misozi ikumuphimba m'maso. Foni inayamba kulira m'thumba, ndipo anaisiya ikulira mpaka sitima yobwerera inafika.