Dengu la Mapini Okanidwa

Amene anayamba kuzindikira kuti dengu likupepuka anali Anesi. Madzulo aliwonse amuna ake, a Laimoni, ankasiya dengu la mapini okanidwa pakhomo la chipala, nyumba yawo yosuliramo zitsulo, ndipo iye ankalikokera pansi pa denga kuti mame asalipeze. Mkati sankalowa, chifukwa mkazi sankaponda m'chipala. Tsiku lina madzulo analikoka ndi manja awiri. M'mawa mwake analisuntha ndi phazi lokha.

Masiku amenewo mudzi wa Ligowe unali ndi mawu ake. Nkhungu ya mwezi wa Juni ikamatsika m'mapiri, munthu ankamva nyundo ya ku chipala asanaone nyumba iliyonse. Tirigu ankachita chikasu m'minda, manachesi akugwa okha m'mitengo, fungo la makala likusakanikirana ndi fungo la mbatata yootcha. Chipalacho chinali cha a Ezekiele, bambo ake a Anesi. Iwo sankadziwa inchi. Ankayeza chilichonse ndi chala chawo chachikulu, chimene chinali ndi chipsera chopingasa kuyambira tsiku limene mpeni wosengera udzu unawaterereka. Atamwalira m'dzinja, nyundo inatsala m'manja mwa mkamwini wawo, a Laimoni.

Makasu a kusitolo anali atayamba kutchipa, ndipo chipala chinali kufa pang'onopang'ono. A Laimoni anali atanena kale kuti akalembetsa ulendo wa ku Joni, kumigodi. Ndiye panafika Landirova ya asilikali, m'menemo muli Sajeni Benedict, munthu wamfupi wolankhula mosathamanga. Ankafuna mapini otsekera zitseko za kumbuyo kwa malole. Anatsitsa mitengo ya chitsulo yokwanira ntchitoyo basi, kenako anatsegula kabokosi. Munali chitsulo chaphwatalala chopakidwa girizi, chokhala ndi mabowo awiri.

"Uwu ndi muyezo," anatero Sajeni. "Pini ilowe bowo ili, koma ili isalowe. Ikakana onse awiri, yanenepa. Ikalowa onse awiri, yawonda. Pini ya ku Neno ikatseke lole ya ku Zomba ndi ya ku Mzuzu chimodzimodzi. Akapambana onse, ntchito ndi yanu chaka ndi chaka. Akalephera, ndipita nayo ku Blantyre."

"Eti chipata chopapatiza chija abusa amanena ndi chimenechi?" anafunsa Gerishon, amene ankavukuta mvukuto. "Ndiye onenepa tilibe mwayi, bwana."

Sajeni anaseka, koma a Laimoni sanaseke. Anesi, ataima kuseri kwa nkhokwe, anamvetsa kuti ulendo wa ku Joni unali m'mabowo awiri aja.

Ntchito inavuta. Dzanja lozolowera makasu silinkadziwa kusiyana kochepa ngati tsitsi. Dengu la okanidwa linkadzaza msanga kuposa la opambana. Koma tsopano m'mawa uliwonse linkapezeka litachepa, ndipo mapini amene dzulo lake anakana kulowa ankapezeka m'dengu la opambana, ali osalala, akulowa bowo loyamba mosavuta ndi kuima pakhomo la lachiwiri.

"Gerishon, ndiwe?" anafunsa a Laimoni.

"Ine? Ntchito ya masana yomwe ndimaizemba, ndiye ndiifune usiku?"

Usiku wotsatira Anesi anamva phokosolo. Silinali la nyundo. Linali lopyapyala, lokokeka, ngati munthu wodwala chifuwa akupuma movutikira kuseri kwa khoma: kweee, kweee, kenako bata lalitali, kenako kweee. Linali tupa likudya chitsulo. Kunja kunali mdima wa nkhungu, umene munthu satha kuona ngakhale dzanja lake, ndipo ku chipala sikunkaoneka nyali ngakhale nkhuni yoyaka. Agalu, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali chete.

Mphekesera zinayenda mofulumira. Kumjigo ankanong'onezana kuti a Ezekiele sanakondwe kuti chala chawo chalowedwa m'malo ndi chitsulo cha boma. Ena ankati pali munthu akuwononga katundu wa asilikali mwadala, ndipo amene ankanena zimenezi ankayamba ayang'ana uku ndi uku, chifukwa masiku amenewo mawu oti chigawenga ankatha kumunyamula munthu osabwerera. Zinafika poipa pamene tupa linamvekanso Lachisanu dzuwa litalowa. Mudzi wonse unali wa Sabata, ndipo ngakhale nkhuni sizinkawazidwa. Ndani wamoyo akanagwira chitsulo nthawi imeneyo?

Sabata litatha, Anesi anadikira amuna ake agone. Anafunda bulangete, natuluka wopanda nyali. Udzu unali wozizira ngati madzi a pamtsinje. Anayenda mokhudza khoma la nkhokwe mpaka pakhomo la chipala. Tupa linali pafupi kwambiri, ndipo pansi pa phokoso lake ankamva kupuma kwa munthu. Kenako munthuyo anakhosomola. Anesi anachidziwa chifuwacho.

"Amayi?"

Tupa linaima.

"Tsitsa mawu, iwe," ananong'ona a Stelia, mayi ake. "Ukufuna kudzutsa mudzi?"

"Mukutani muno? Mkazi m'chipala? Mpaka pa Sabata?"

"Za Sabata ndikayankha ndekha kwa Mwini wake. Khala pansi."

Anesi anakhala pakhomo. Mumdimamo ankangoona mthunzi wa mayi ake atawerama pa chidutswa cha njanji chosulirapo.

"Bwanji osangowauza mkamwini wanu, bambo a Mailesi, pamene akulakwitsa?"

"Ndiwauze bwanji? Ine ndi mkamwini tikakumana panjira, wina amalowa patchire. Ndiye lero ndiime pamaso pawo, ndiziti dzanja lanu lalemera? Munthu angathawire ku Joni chifukwa cha manyazi okha."

"Nanga mukuyeza ndi chiyani? Muyezo amagona nawo kumutu."

A Stelia anaseka chapansipansi mpaka kukhosomola. "Ndinagwira pini imodzi yopambana, basi. Zala zimakumbukira. Ukuganiza kuti maso a bambo ako atayamba kuchita khungu, ankasalaza mipeni ija ndani? Tinkabwera kuno inu mutagona. Ine kuvukuta, iwo kusula. Ankandiyimbira nyimbo za kwawo ku Tsangano, mawu oipa ngati khwangwala." Anatola pini ina m'dengu. "Onenepawa ndiwatha. Koma owondawa tupa silingawathandize. Akufunika moto, aphwanyidwe kumutu kuti afufume. Ndipo moto ndi ntchito ya anthu awiri."

Anesi sanauze munthu. Koma kuzizira kwa usiku kunali kutalowa kale m'chifuwa cha a Stelia. Pasanathe masiku ambiri anawanyamula pamachira kupita ku chipatala cha Matandani, kumene anati ndi chibayo. Tupa linasiya kumveka. M'dengu munatsala mapini owonda okhaokha. A Laimoni anayesa kuwafufumitsa, koma ena ankapindika, ena ankafufuma malo olakwika, ndipo chitsulo china chopangira atsopano panalibe. Sajeni ankayembekezeka kubwera Lolemba. Lamlungu masana a Laimoni anazimitsa moto, nayamba kusoka chikwama chawo chakale chaulendo.

Anesi anali ku Matandani tsiku limenelo. Mayi ake anamugwira dzanja ndi zala zotentha.

"Pita kwanu. Mng'ono wako agona nane. Ukawauze bambo a Mailesi asamange chitseko cha chipala lero."

"Amayi, simungadzuke apa."

"Ndani wanena zodzuka? Pita."

Usiku umenewo nkhungu inatsika yochindikala kuposa masiku onse. Anesi anagona chagada, akumvetsera madontho akugwa kuchokera ku udzu wa denga. Ndiye anamva mvukuto. Fuu, fuu, fuu, mofatsa, mopumira, ngati wovukutayo alibe mphamvu zambiri. Anasuzumira pa mng'alu wa chitseko. Ku chipala kunali bii, popanda ngakhale kamoto kamodzi. Kenako nyundo inagwa. Inagunda kawiri pa chitsulo, kamodzi pa njanji, kawiri pa chitsulo, kamodzi pa njanji. Anesi anakula akudzutsidwa ndi kugunda kumeneko, ndipo sanakumvenso chiyambire dzinja.

A Laimoni anali maso. Anamugwira mkono.

"Kodi ndi apongozi?" ananong'ona. "Usabise, amake Mailesi. Chifuwa chawo ndinachimva kalekale. Ndinangosowa pothokozera."

"Amayi ndawasiya ku Matandani."

Anakhala pamphasa atagwirana, akumvetsera nyundo ndi mvukuto zikulandirana mumdima, mpaka tambala atalira.

Landirova inafika nkhungu isanachoke. Gerishon anapisa dzanja m'phulusa la chipala, nalitulutsa mwakachetechete: linali lozizira, makala ali momwe anawasiyira. Dengu la okanidwa linali lopanda kanthu. Sajeni Benedict anakhala pa chitsa, natenga mapini imodzi imodzi. Iliyonse inkalowa bowo loyamba, iliyonse inkakana lachiwiri. Atafika pa yomaliza anaitembenuza m'manja, nakweza maso.

"Mwagwira usiku wonse, eti? Iyi ikadali yofunda."

Sajeni anaiika pamodzi ndi zinzake.

"Ntchito ndi yanu, a Laimoni. Koma muzipukuta muyezo mukatha. Taonani apa."

Anautembenuzira ku kuwala. Muyezowo unagona kumutu kwa a Laimoni, m'kabokosi kotseka. Pa girizi, pambali pa bowo loyamba, panadindika chala chachikulu, chokhala ndi mzere wopingasa pakati.

Mng'ono wake wa Anesi anafika dzuwa lili paliwombo, maso ali ofiira. A Stelia anali atatsikira kulichete tambala atangolira. Anati sanavutike, koma usiku wonse manja awo sanapume. Ankakwera ndi kutsika pamwamba pa bulangete, lamanja kenako lamanzere, ndipo namwino atayesa kuwagwira, iwo anamukankha pang'ono.

"Anati, ndisiyeni, mwanawe, moto ungazime. Bambowo sanamalize."

A Laimoni sanapite ku Joni. Anasula mapini a asilikali zaka zambiri, ndipo dzanja lawo linaphunzira mpaka dengu la okanidwa linasanduka losungiramo mbatata. Lero pamalopo pamera nthochi, ndipo njanji ija anthu amakhalapo podikira galimoto. Koma nthawi yonse imene chipalacho chinali chilili, a Laimoni sanamangenso chitseko chake usiku, ndipo Anesi akalowa kukasesa phulusa, palibe mwamuna wa ku Ligowe anamuletsapo.