Katatu Pachitsulo cha Bedi

Amayi, bedi lanu lagonedwa. Miyezi isanu ndi itatu yokha, bambo anabweretsa mkazi. Ndi wosoka zovala, wamasiye nayenso, mwamuna wake anafa ndi chifuwa. Makina ake anawaika pomwe pankakhala ndowa yanu. Kamlongo kanga kanayamba kumuitana "amayi" sabata isanathe, poti anakasokera diresi. Mwana wa zaka zisanu amagulidwa ndi ulusi.

Mukukumbukira mawu atakutherani? Munkamenya supuni pachitsulo cha bedi. Kamodzi, madzi. Kawiri, bambo abwere adzakutembenuzeni, zilonda zingakule. Katatu, ine. Supuniyo ndinaisunga.

Tsiku lina madzulo, pochokera komata matayala, ndinawapeza atatu patebulo akuseka. Masaya a bambo anali atayamba kudzaza. Mkaziyo anandiikira mbale, nati ndisambe kaye m'manja, girisi si ndiwo. Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinadye.

Atazimitsa nyali ndinatulutsa supuni. Bedi langa nalonso ndi lachitsulo, lotsamira khoma lawo. Ndinamenya kawiri.

Ndinkafuna kuopseza mkaziyo basi. Koma anadzuka ndi bambo. Ndinawamva akuyankha m'tulo kuti ndabwera, ndabwera. Kenako mkaziyo anakuwa. Anali atamulowetsa manja kunsi kwa msana, akumutembenuza pang'onopang'ono, akumuika pilo pakati pa mawondo monga ankachitira ndi inu.

Ndinaluma bulangete kuti kuseka kusamveke.

Ndinachita zimenezi milungu itatu. Masaya a bambo analowanso. Anayamba kumuitana mkaziyo dzina lanu dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lina mkaziyo anandipeza kumpopi, natsitsa mawu.

"Achimwene, ndikudziwa kuti ndinu. Ine sindinabwere kudzafufuta mayi anu. Koma bambo anu akutha."

Ndinamuuza kuti akatha si vuto, iye njira ya kumanda amaidziwa, anaperekezako kale mmodzi.

Loweruka mkaziyo anamanga makina ake panjinga. Kamlongo kanga kanamuthamangira mpaka kumsewu waukulu, kanachita kubwezedwa ndi wogulitsa makala. Sikanalire. Kanangokhala pakhomo, maso kunjira.

Madzulo amenewo supuni ndinaiponya m'chimbudzi. Ntchito yake inali itatha. Ndinaimva ikufika pansi.

Ndinagona bwino, mpaka tulo tinangondithera tokha. M'nyumba munali zii. Ndiye ngwee. Chitsulo, kuchipinda kwa bambo. Ndinadikira. Ngwee. Ndinamva bambo akusuntha, mapazi akufuna pansi. Ngwee.

Bambo anabweza mapazi. Kuwerenga amadziwa. Anangolankhula kudzera pakhoma, osakweza mawu.

"Akuitana iwe."

Sindinapite. Ngakhale muli moyo sindinkapita nthawi zonse, mukudziwa. Matayala amatopetsa, ndipo fungo la m'chipinda chija linkandikhala m'mphuno mpaka kuntchito.

M'mawa ndinafunsa kamlongo kanga ngati kanaseweretsa chitsulo. Kanati kanagona kwa aneba, kuno sikafunanso kugonako. Lero ndi usiku wachisanu ndi chinayi. Katatu, tsiku lililonse katatu. Dzulo sikunamvekere kwa bambo. Kunamvekera kumiyendo kwa bedi langa, chitsulo mpaka kunjenjemera kuzidendene. Aneba ena akuti ndi mapaipi. Ena akunong'ona kuti wosoka uja anasiya zake. Amayi a kumpopi akandiona amaleka kulankhula.

Nanga bwanji ine, amayi? Oti muwagogodere alipo. Achimwene anu sanabwere kumaliro, akuti galimoto inawonongeka, ngati kuti mabasi kunalibe. Mng'ono wanu, amene munamulera nokha, anatumiza uthenga pafoni, mawu anayi. Abwana anu a kusitolo, zaka khumi ndi ziwiri mukuwapukutira mashelefu, sanaonekere. Anzanu oimba nawo kwaya aja anabwera awiri, wina n'kuthawa dzuwa. Eni nyumba anangosuzumira pawindo. Pitani kwa amenewo. Ali ndi mabedi achitsulo nawonso.

Ine ndinabwera. Ndinangochedwa. Ndinali nditamwa, inde, ndinadzuka masana kuseri kwa bala, koma ndinathamanga njira yonse, nsapato imodzi m'manja. Ndinapeza akukung'untha mafosholo.

Kumeneko si kusabwera, amayi.