Ulusi Wofiira wa Kaphuma

Kaphuma ndi mwana wa mlongo wanga. Dzinali ndinamupatsa ndine, azakhali ake. Amadya mwaphuma. Amayenda mwaphuma. Ngakhale kugona, amagona mwaphuma.

Kaphuma ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukwera boti la atate ake. Linali boti laling'ono, la thanga loyera.

"Ukakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, udzakwera," anatero atate ake.

Zaka zinakwana. Koma kunabwera chimphepo. Mlongoti unathyoka. Mlongoti ndi mtengo wautali wonyamula thanga. Popanda mlongoti, boti ndi beseni chabe.

Atate ake amagwira ntchito kutali. Anatsala ndi masiku awiri okha kuti abwerere kuntchito. Akapita, kubwera ndi chaka chamawa.

"Achimwene, botilo mungondipatsa," ndinatero ine. "Nkhuku zanga zikusowa poikira."

Kaphuma sanaseke. "Tilikonza, Azakhali."

Iye ndi atate ake anagoneka mlongoti pa mabenchi awiri. Atate anacheka pothyokapo mopendeketsa. Anapala. Anapaka guluu. Analumikiza. Anakulunga ndi chingwe, zolimba.

"Wauma?" anafunsa Kaphuma.

"Ayi, mwanawe. Auma mawa."

"Nanga pano wauma?"

Atate anaona kuti mwanayu afunika ntchito. Kunsonga kwa mlongoti kuli kagudumu.

"Kadontheze mafuta," anatero.

Kaphuma anadontheza mafuta. Anafuna kuona ngati kakuzungulira. Anatenga ulusi wanga wofiira. Ndinkamulukira juzi ndi ulusiwo. Kupempha, ayi. Anaupisa pa kagudumu. Koka uku, koka uko. Kagudumu kanazungulira. Anamangirira nsonga za ulusi m'munsi mwa mlongoti. Kenaka liwiro, kukasewera.

Kunacha. Guluu anauma. Tinanyamula mlongoti kupita kuboti. Atate anakankha. Ine ndinakoka. Kaphuma ankatiuza ngati wawongoka. Mlongoti unaima njo.

Atate anakunga chingwe cha kutsogolo. Anakunga cha kumanja. Anakunga cha kumanzere. Ntchito inatenga m'mawa wonse.

"Tsopano tikweze thanga," anatero. "Chingwe chokwezera chili kuti?"

Chingwe chimenecho chimadutsa pa kagudumu. Amachipisa mlongoti udakali pansi. Atate anaiwala, chifukwa sanachione. Sanachione, chifukwa chinali kuseri kwa nyumba. Ndinayanikapo madiresi anga atatu.

"Chimaoneka chosowa ntchito," ndinatero ine.

Atate anagwira kumutu. "Achemwali, mwatipha."

"Ndikwere ndikachipise?" anafunsa Kaphuma.

"Ayi. Polumikiza paja m'patsopano."

"Tiutsitse?"

"Tikamasula zonsezi, mphepo ikhala itagona."

Mphepo ikagona, boti siliyenda. Ndipo mawa atate apita. Kaphuma anayang'ana kumwamba. Misozi inalengeza. Kenaka anapukuta maso. Kumwambako kunali kanthu kofiira.

"Atate, ulusi uja ulipo."

"Ulusi wa yani?" ndinafunsa ine.

"Umaoneka wosowa ntchito, Azakhali."

Ndinatsokomola. Ndinapita kukaanula madiresi.

Kaphuma anamanga chingwe ku ulusi. Anakoka mwaphuma. Chingwe chinakwera. Koma mfundo inakakamira pa kagudumu. Ulusi unalira, pang'ono kuduka.

"Basi, bweza," anatero atate.

Chingwe chinatsika. Ine ndinasolola singano pa duku langa. Ndinasokerera ulusi kunsonga kwa chingwe. Panalibenso mfundo.

"Koka pang'onopang'ono," ndinatero. "Ngati ukuba shuga ine ndili mtulo."

Kaphuma analuma mlomo. Anakoka pang'ono. Anapuma. Anakokanso pang'ono. Anapuma. Chingwe chinakwera, chinakwera. Chinafika pa kagudumu. Chinaima. Tonse tinasiya kupuma.

Kagudumu kanati kwii. Chingwe chinadutsa. Chinatsikira m'manja mwa Kaphuma.

Thanga linakwera. Mphepo inalidzaza. Atate anamuveka Kaphuma jekete yoyandamitsa. Anamukhazika pafupi ndi chiwongolero.

"Lero waphuma ndani?" anafunsa Kaphuma.

"Ine," anatero atate. "Wakuba chingwe tisamutchule."

"Akuba tilipo awiri," ndinatero ine.

Ndinakwera nawo, nditakumbatira mlongoti. Ankati ndikuopa. Bodza. Ndinkangoyesa guluu.

M'mawa mwake atate anapita. Kaphuma anawaperekeza atavala juzi yofiira. Ulusi unaperewera. Mkono umodzi ndi wautali, wina ndi waufupi.

"Bwera nayo ndiikonze," ndimamuuza.

"Ayi, Azakhali," amatero. "Atate adzaione chonchi akadzabwera."