Mojulo Imene Idris Anachotsa

Idris anatuluka mu fakitale ya ku Heavy Industrial Area mabasi atatha kale. Ntchito yake inali yomanga kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa makina odulira zitsulo, ndi kuilongedza m'phukusi limodzi ndi mamojulo, timapulogalamu tolamula ziwalo za makinawo. Tsikulo mojulo ina yakalekale inakana kumangika ndi kenelo yatsopano. Iye sankadziwa ntchito yake. Atatopa nayo anangoichotsa m'phukusi, osauza munthu. M'mawa mwake phukusilo linali loti lilowe m'makina onse.

Anauyamba wapansi wa kwawo ku Kabwata, laputopu ili kumsana. Pa mlatho wodutsa pamwamba pa njanji anamva mapazi kumbuyo kwake. Anaima. Mapazi aja nawo anaima.

Mbava iyi, anatero mumtima, uku akukumbatira chikwama.

"Shani, ba Idris."

Atamva moni umenewo anatembenuka. Panali bambo wa ovolosi yothetheka, nkhope ili mumdima.

"Mwaniziba bwanji?" anafunsa Idris.

"Mwachosa mojulo yanga."

Idris anabwerera m'mbuyo. Ndani wamuuza? Kapena ndi kazitape wa fakitale ina? Kapena wina wathyola laputopu yake?

"Akutumani ndani imwe?"

"Ibwezeni. Ndiye imaimika lumo munthu akafaka kwanja. Mukafunse ba Beatrice za Gilson."

Bamboyo anasendera pafupi. Fungo la girisi... ndi la dothi lonyowa. Mkono wakumanja wa ovolosi unkangolendewera. Munalibe dzanja!

Lole inadutsa, magetsi ake n'kuwalitsa mlatho wonse. Panalibe munthu.

Idris anathawa. Sanacheuke. Mpaka ku Kabwata!

Kutacha anafika ku fakitale amisiri asanayatse makina, n'kuletsa kuti phukusi lisalowe. Atawerenga bwino mojulo ija anapeza kuti zinali zoona: popanda iyo, lumo silikanaima ngakhale munthu atakodwa. Analowa mu ofesi ya Mayi Beatrice, mkulu wa amisiri, ali ndi mkwiyo.

"Ba Beatrice, uyu Gilson mwamupasa bwanji zinsinsi za nchito yanga? Ananilonda usiku pa mlatho."

Mayiwo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Gilson ndiye analemba mojulo ija. Pamene anali kuiyesa, ikalibe kusila, lumo linamudula kwanja. Magazi anasila tikalibe kufika ku chipatala." Anamuyang'ana m'maso. "Idris, tinamuika ku manda ya ku Chingwere iwe ukali ku sukulu."